Kalavani Yomwe Tinapatsidwa Ikudontha Pomwe Mvula Kulibe

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Thambani, ndipo ine ndi amuna anga a Sankhani timalima manachesi. Kalata yangayi si yodandaula kwenikweni. Ndi ya mphatso imene yatipulumutsa, koma ikundisowetsa mtendere m'mawa uliwonse.

Munda wathu uli kutali ndi mudzi, ulendo wa ola lathunthu wapansi. Chaka chilichonse manachesi akayamba kupsa timagawana ndi akuba. Chaka chatha anatithyolera mitengo khumi ndi isanu, ndi aawisi omwe. A Sankhani anamanga kachisakasa koti azigonamo, koma ali ndi mphumu, ndiye mphepo ya mu June inawabweza kunyumba sabata isanathe.

Tayandikana nyumba ndi a Belmira, mayi wamasiye amene anabwera kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo. Amuna awo, malemu a Orlando, ankayendetsa giledala yokonza misewu, ndipo anali ndi kalavani, kanyumba kamatayala kokoka ndi galimoto, komwe ankagonamo ntchito ikawatengera kutali. Iwo atamwalira, kalavaniyo inangokhala kuseri kwa nyumba zaka zinayi. Mu April a Belmira anandiitana nati, "Mwananga, pamene bambo ako a Orlando ankadwala, iwe unkanditungira madzi miyezi isanu ndi umodzi osanyinyirika. Ndilibe choti n'kukupatsa. Tenga kanyumbaka ukaike kumunda, pano kangodyedwa ndi dzimbiri." Ndinagwada pansi ndikulira, Aphungu. Zotunga madzizo ine ndinali nditaiwala kale.

Tinaikoka ndi pikiapu mpaka kumunda, n'kuiimika pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa kamtsinje. Ana tinawasiya ndi mayi anga, ife awiri n'kusamukira komweko. Chaka chino sitinaberedwe ngakhale nachesi limodzi. Mavenda a ku Blantyre abwera kale kawiri, ndipo theka la munda likadali ndi zipatso.

Vuto ndi madzi. M'mawa tikadzuka, denga la pamwamba pa bedi limakhala lili mikanda yokhayokha ya madzi, ena akudonthera pa bulangete. Mawindo amachita kuyenderera. Poyamba tinati denga labooka. A Sankhani anakwera kawiri konse kukamata phula, koma mvula inasiya kalekale ndipo kudontha sikunasiye. Sabata yatha ndinanyamula matiresi kuti ndisese. Kunsi kwake kunali konyowa ngati agonapo mwana, thabwa lili madontho akuda a chuku, fungo lake loipa.

Ife tachita zonse zoti mukhale motentha. Padenga pali kachiboo kokhala ndi chivindikiro. A Sankhani anakatseka ndi jumbo n'kumata tepi, chifukwa ndinkadandaula kuti ndikuzizidwa kumapazi. Timabowo tam'munsi mwa chitseko anatsekanso ndi sanza. Madzulo ndimalowetsa mbaula, ndimaphikira tiyi momwemo, n'kuisiya kuti itifunditse. Zovala zikanyowa ndi mame timazipachika mkati kuti ziume.

Tsopano a Sankhani akutsokomola, sabata yachitatu ino, ndipo tonse timadzuka mutu ukulemera. Mlongo wawo, a Rozina, atabwera kudzationa anayang'ana denga nati, "Alamu, chinthu cha malemu sichilira pachabe. Mwiniwake akuchifuna. Kabwezeni achimwene asanapite nacho." Ine ndine wopemphera, koma mawu amenewa sakundichoka m'mutu.

Lamulungu lililonse potuluka m'tchalitchi a Belmira amandigwira dzanja n'kufunsa, "Mukugona bwino m'nyumba ya a Orlando?" Ndimayankha kuti, "Bwino kwambiri, mayi," nkhope yawo n'kuwala. Ndingakaibweze bwanji? Koma sindikufunanso kutaya amuna anga chifukwa cha manachesi. Ndithandizeni.

L.S., Thambani, Mwanza

Mayi L.S.,

Musabweze kalavaniyo. Malemu a Orlando asiyeni apumule, alibe nanu mlandu. Madzi akukudontheraniwo ndi anu omwe.

Munakwerapo minibasi yodzadza mbandakucha wa mu June kupita ku Blantyre? Mawindo onse atsekedwa, ndipo musanafike patali magalasi ayamba kuyenderera madzi mkati, kunja kuli gwa. Ndi mpweya wa anthu umenewo. Munthu akamapuma amatulutsa nthunzi, ndipo nthunzi ikakhudza chitsulo kapena galasi lozizira imasanduka madontho. Anthu awiri ogona mpaka kucha m'kachipinda kotsekedwa angatulutse madzi odzadza kapu zingapo. Inu mwaonjezera nthunzi ya tiyi ndi ya zovala zonyowa, kenako n'kutseka paliponse pamene ikanatulukira. Ipite kuti?

Koma tisanafike ku madontho, mbaula ituluke lero, osati mawa. Makala akamayaka m'malo otsekedwa amatulutsa mpweya wapoizoni wosaoneka, wosanunkha. Kulemera mutu kumene mukudzuka nakoko ndi chenjezo lake. Anthu ambiri agona ndi mbaula osadzukanso. Phikirani panja, otherani panja, ndipo ngakhale makala aoneke ngati azima, asalowe. Ngati mapazi akuzizira, thirani madzi otentha m'botolo lotseka bwino, mulikulunge ndi chitenje, mulowe nalo m'bulangete.

Mawa a Sankhani apite kuchipatala. Chuku chimautsa mphumu, utsi wa makala nawonso, koma chifuwa chopyola sabata ziwiri sitichiyeza ndi maso. Akafotokoze zonse, za matiresi ndi za mbaula zomwe, ndipo akavomere kuyezedwa makhololo. Inu londerani manachesi tsiku limenelo, kapena pemphani a Rozina. Iwo akuopa chifukwa chokonda mchimwene wawo. Apatseni ntchito, mantha achepa.

Tsopano kanyumbako. Chotsani jumbo padenga ndi sanza kuchitseko. Amene anapanga kalavani sanaboole malo amenewo molakwitsa: mpweya wabwino umalowera pansi, wonyowa n'kutulukira pamwamba. Tsekulaninso windo limodzi pang'ono, mpata wa zala ziwiri basi, lomwe lili kutali ndi mitu yanu. Udzudzu ukakuvutani, dulani chidutswa cha neti yakale mumange pamenepo.

Matiresi atulutseni padzuwa masiku awiri kapena atatu, mukuwatembenuza. Ngati chuku chalowa mpaka mkati mwa siponji ndipo fungo silikutha, atayeni, musaumire. Munthu wa mphumu asagonepo. Thabwalo litsukeni ndi viniga, kapena jiki wothira madzi, koma osasakaniza ziwirizi chifukwa zimatulutsa mpweya woopsa. Tsukani inuyo, mutamanga kansalu pamphuno, a Sankhani ali kutali. Likauma, yalani nsungwi zong'ala motalikirana pang'ono, matiresi akhale pamwamba pake. Thupi lanu limatenthetsa matiresi pamwamba, thabwa lili zii pansi, ndiye madzi amasonkhana pakati. Nsungwizo zipereka njira ya mpweya. M'mawa uliwonse imikani matiresi chammbali, tsekulani chitseko ndi mawindo onse, pukutani denga ndi magalasi ndi nsalu youma, nsaluyo mukayanike panja. Ndi ntchito ya mphindi zisanu. Zovala zonyowa zisagonenso mkati. Mangani chingwe panja, padzuwa.

Kalavaniyo isunthenso. M'mbali mwa mtsinje ndi pansi pa mtengo ndi pamene chinyezi chimachedwa kuchoka. Ikankhireni kumtunda pang'ono, pamene dzuwa la m'mawa limafika msanga. Ngati khoma la kumutu kwa bedi ndi lata lokhalokha, imikanipo mphasa, musiye kampata kumbuyo kwake, ndipo muziichotsa masana.

Mukufuna kutsimikiza kuti denga silinabooke? Masana kukatentha, mkati muli mouma, wina akwere athire ndowa ziwiri za madzi pamwamba, inu mukuyang'ana mkati. Mukapanda kuona dontho, phula lija lisungeni. Mukaliona, matani pokhapo mvula isanayambe.

Za a Belmira, lekani kuwayankha kuti zonse zili bwino. Kuwauza zoona si kunyoza mphatso. Pitani ndi dengu la manachesi osankha bwino, muwauze kuti chaka chino simunaberedwe chifukwa cha iwo, kenako muwafunse kuti, "Mayi, a Orlando ankatani ndi madzi a padenga nyengo yozizira?" Munthu amene anagona m'menemo zaka zambiri anali ndi njira zake, ndipo mkazi wake ndiye ankachapa mabulangete. Mudzaona mmene adzasangalalire kuti wina wafunsa za amuna awo. Amasiye ambiri chimene amasowa ndi munthu woti awatchulire dzinalo.

Chenjezo langa ndi ili. Mukatsekula mabowowo, masiku oyamba mudzazizidwa kuposa kale, ndipo a Sankhani akadzakumvani mukunjenjemera dzanja lawo lidzathamangiranso ku tepi. Musawakalipire, ndiponso musawauze kuti Aphungu ati munalakwitsa. Bambo amene anamata denga kuti mkazi wake asazizidwe kumapazi ndi wofunika kumusunga. Muwagwire dzanjalo, muwatume akatenge bulangete lina.

Aphungu