Mawu Anu Anali M'bini

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno ku Area 15 tilipo. Ndinachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu, Esinati. Chimanga cha ku Mitundu chachita bwino, koma mtedza unadyedwa ndi chiswe.

Sindikulemba ndi mtima wabwino ayi. Mwana wanu Yamikani wandipweteka.

Mukuikumbukira kompyuta yanu ya pabalaza, imene munkalemberapo za msonkhano wa amayi a kutchalitchi? Ikakuuzani kuti muike sisitimu yatsopano munkaikaniza, n'kunena kuti, "Chinthu chikugwira ntchito, mukuchifunanji?" Mutamwalira, ine ndinaisunga momwemo, yofunditsidwa chitenje chanu.

Ndili kuchipatala, achimwene anga ophunzirawo anabwera kuchokera ku Area 47 ndi kafulashi kawo. Akuti sisitimu yakale inatha ntchito, imalowetsa mavairasi, ndiye amafuna kundisangalatsa. Anafufuta zonse n'kuika yatsopano. Anamutuma ndani? Pano pulinta ikukana, zimene ndinazolowera kudina zinasamuka, ndipo ukaiyatsa imayamba yazungulirazungulira ngati nkhuku yofuna poikira.

Zimenezo ndikanapirira. Koma mawu anu aja, amayi! Aja munajambula mukudwala, omusiyira mwana amene anali m'mimba mwanga, n'kundilumbiritsa kuti ndisawamvere mpaka atabadwa. Munawabisa m'bini ya kompyuta, poti munkati ana a Yamikani amatsegula paliponse koma m'zinyalala salowamo. Iye akuti anakopera mafayilo onse asanafufute. Onse, kupatula a m'bini.

Ndinainyamula kompyutayo pa minibasi mpaka kwa okonza m'tauni, mabala anga asanapole n'komwe. Anaisegula, anafufuza, n'kundiuza kuti zatsopano zinalembedwa pamwamba pa zakale, palibe chotsala.

Nanunso ndakukwiyirani, ndisakubisireni. Munthu wamkulu, mlembi wa zaka zambiri m'boma, kusunga mawu a mdzukulu m'bini? Ndipo ine chitsiru ndinakumverani. Miyezi isanu ndinkadutsa pa kompyutayo, dzanja likuyabwa, koma osakhudza chifukwa cha lumbiro. Ndikanaba n'kumvera kamodzi kokha, bwenzi lero ndikumuuza mwanayu pamtima. Sindikudziwa ngati munaimba, munapemphera kapena munamupatsa malangizo. Zikundiwawa kwambiri.

Yamikani wakhala akuimba foni, sindikuyankha. Watumiza uthenga woti sisitimu yatsopano ndidzaikonda ndikaizolowera. Tamvani zimenezo!

Akuti abwera Loweruka kudzaona mwana. Sindimuthamangitsa, poti ndi wanu. Ndikulonjeza kuti madzi akumwa ndimupatsa, mpando ndimupatsa. Kenako ndimuika Esinati m'manja mwake, ndiyatsa kompyuta yake yatsopanoyo, ndipo ndimuuza kuti amuuze yekha mwanayo zimene agogo ake ananena.

Ndimakukondani, ngakhale ndakwiya.

Mwana wanu,
Tiyamike