Makanja m'kabuku ka Dona Harvey

Loweruka, 4 Okutobala 1958

Nsapato yakumanzere yatsala m'matope a nazale ya fodya.

Alendo a ku Halale ndi ana awo, magalimoto anayi. Bwana wa pulazi ino, munda waukulu wa mzungu kuno kudziko la eni, amawaonetsa mabalani owotchera fodya, kenako gule wa pakomboni. Womasulira ndine, mphunzitsi wochokera ku koleji ya Domasi, tayi pakhosi. Ndili mkati mouza tiana kuti tisaope, chilombo china cha gule chinatembenuka n'kundiloza ndi chikoti. Chimadziwa kuti sindinamete, ndine mwana wa mishoni. Ndinathawa pamodzi ndi amayi. Ana anawomba m'manja.

Mkazi wanga Lestina akuti, "Aphunzitsi, liwiro lija munaphunziranso ku koleji?"

Loweruka, 11 Okutobala

Lero akuluakulu okhaokha, popanda mwana. Kuyenda kwa pang'onopang'ono, zipewa zazikulu, kuimaima pamthunzi.

Ana ndi osavuta. Chimadya chiyani? Chimagona kuti? Chimaluma? Ndimayankha chimene chabwera pakamwa, iwo n'kuthamangira abulu. Pofika ku Ruwa, panjira yobwerera ku Halale, aiwala. Akulu amafunsa kuti chifukwa chiyani, ndiye amadikira.

Za gule sindidziwa kanthu, ndimangopeka. Makanja atatulukira kuseri kwa mabulugama, wamtali ngati chumuni cha balani, ndinati anali munthu wolakalaka kwawo. Ankanyanyamphira tsiku ndi tsiku kuti aone phiri la Dedza, mpaka miyendo inakana kubwerera. Ndinatsala pang'ono kukhulupirira ndekha.

Gogo wina wachizungu, Dona Harvey, analemba zonse m'kabuku kobiriwira.

Lolemba, 13 Okutobala

Anzake anapita. Iye watsala kunyumba ya bwana. Amandidikira pansi pa jakaranda ndikaweruka, maluwa akumugwera pachipewa, osawasansa.

Akulemba buku loti likadindidwe ku Mangalande. Mawu anga onse alowamo, ndi dzina langa pansi pake. Simeon Kalino, m'zilembo za makina! Ndinayenda mpaka kudamu osaona njira. Pobwerera m'pamene ndinaona aphunzitsi anga a ku Domasi akutsegula bukulo, ena mwa iwo ometa, akuseka mpaka kupukuta magalasi.

Akufunanso kuona dambwe, kumene gule amachokera. Ndinati kuli njoka.

Lachitatu, 15 Okutobala

Kutentha. Mitambo imabwera masana, kutiyang'ana, n'kupita ku Goromonzi.

Ndinapita kwa a Jacinto, akulu a gule pano, kukaulula kuti ndikufuna kuuza dona zoona. Anali kusoka thumba, sanadzutse mutu. Anati, "Zoona zake ziti, mwanawe? Uli nazo? Ukamuuza kuti unanama, mawa alowa m'thengo kukafuna yekha, bwana ali pambuyo. Bodza lakolo ndi mpanda wathu. Pitiriza kumanga."

Zaka ziwiri za koleji, ndatuluka mpanda.

Loweruka, 18 Okutobala

Mabanja abweranso. Kamtsikana ka mano awiri kanafunsa za Makanja. Ndinati anatalika chifukwa ndiye amayanika mvula pamitambo kuti iume. Kutembenuka, dona ali kumbuyo kwanga, pensulo m'mwamba.

Anafunsa mofatsa kuti yoona ndi iti. Mpata unali pamenepo, wotseguka ngati geti. Ndinati iyi ndi ya ana, ya akulu ndi ija ndinamupatsa. Anandigwira dzanja, kundithokoza pomukhulupirira.

Tiyi wa Lestina anazizira ndili kumuyang'ana.

Lamulungu, 19 Okutobala

M'tchalitchi ndinawerenga mawu ndine. Ndikuwerenga, maso ali pawindo. Ndimaona bukulo likuwoloka nyanja, Makanja wanga akuyenda m'misewu ya chifunga, kusuzumira m'mawindo a nyumba zosanja, kufunsa njira ya ku Dedza. Akulu a mpingo anachita kutsokomola kuti nditsirize ndime.

Lestina akuti, "Muuzeni donayo achotse dzina basi. Nthanozo zipite zamasiye." Nzeru ndithu. Koma zamasiye? Ndinazibala ndine.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Wapita.

Mmawa wonse ndinakonza chiganizo cha Chingerezi, chowongoka bwino, choti nthanozo n'zanga, n'zabwino, koma si za gule. Ndinachiyesa kawiri kuseri kwa sukulu, pamaso pa mbuzi.

Ndinapeza galimoto ya dona italira kale, masutikesi kumbuyo. A Jacinto ali chapatali, akuthirira nazale youma ndi yonyowa kale yomwe. Ndinayandikira pawindo, ndinatsegula pakamwa. Dona ndiye anayamba kulankhula. Funso lomaliza, akuti: n'chifukwa chiyani Makanja akamachoka pabwalo sacheuka?

Chiganizo chija sindikudziwa kumene chinalowera. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti wamtali chotere akacheuka amaona zaka zonse zimene wakhala m'dziko la eni, zitandandalika ngati mizere ya fodya, ndipo akaziwerenga amagwa. Analemba pabondo, dalaivala akudikira. Maso ake ananyowa. Anganso, Mulungu andikhululukire.

Anafunsa ngati dzina alilembe lonse. Ndinati lonse.

Fumbi linakhala nthawi yaitali pamsewu wa ku Halale. Geti ndinatseka ndekha. A Jacinto anatula kheni pansi, napita kukasuta.