Thumba la Nyemba Patsogolo pa Guwa

Lifidzi, 18 Julho 2025

Mwana wanga Bonifácio,

Landira moni m'dzina la Ambuye. Uli bwanji kumeneko ku Moatize? Nanga mpongozi wanga Violeta ndi mdzukulu wanga Neusa adzuka bwanji? Chifuwa chija chinamusiya mwanayo? Ife kuno tilipo, kungoti chisanu cha chaka chino chatikhaulitsa. M'mawa madzi a mumtsuko akuwaza mano, ndipo bondo la abambo ako likulira ngati chitseko cha kapela.

Ndawatchula abambo ako, ndipo ndikudziwa kuti wayamba kale kukwinya nkhope. Usaipinde kalatayi. Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikusunga mawu ako akuti pa telefoni tizikamba za mvula, za nyemba ndi za matenda, koma osati za iwo. Lero ndiphwanya pangano limenelo. Kuno kwachitika zinthu zimene ndikufuna uzimve kwa ine, ndipo kumapeto ndili ndi pempho.

Sindikufuna kukutokosa pachilonda, koma nkhaniyi iyenera kuyambira pamene inayambira. Ukukumbukira Lamulungu lija. Abambo ako, monga animadori wotsogolera mapemphero pa kapela yathu, anaimirira pa nthawi ya zolengeza nawerenga dzina lako pamaso pa mpingo wonse, kuti wapatsa Violeta mimba musanadalitse ukwati, ndiye wachotsedwa m'kwaya. Ana a anthu ena akalakwa chimodzimodzi ankakamba nawo kuseri kwa kapela. Dzina lako analiwerenga kawiri, ati anthu asanene kuti animadori akukondera mwana wake. Tsiku lomwelo anakuuza kuti Violeta asadzaponde pakhomo pawo, ndipo m'mawa mwake unanyamuka.

Chiyambire pamenepo, munthu akangokutchula, yankho lawo linali limodzi: kuti iwo anakukhululukira kalekale, njira ukuidziwa, ubwere udzapepese. Ankanena zimenezi atatukula chifuwa, ngati munthu amene wapereka ng'ombe yaulere.

Ukuwadziwa abambo ako ndi Baibulo. Analiphunzira kwa apadiri adakali kamnyamata, ndipo ungawadzutse kutulo adzakuuza mutu ndi ndime osaphonya. Ku mphakati, kumene mabanja a dera lathu timakumana Lachinayi masana kuwerenga Mawu, iwo ankawerenga okha, kumasulira okha, kufunsa funso ndi kuliyankha okha. Ife ntchito yathu inali kunena kuti amen, kwinaku tikuganiza za mbuzi zimene tazisiya padzuwa.

Chaka chatha kunabwera padiri watsopano, mnyamata wofatsa koma wosagwedezeka. Anatiuza kuti ku mphakati wowerenga aziwerenga kawiri, kenako azitseka pakamwa, kuti aliyense anene mawu amene amukhudza, ngakhale amene sanapondeko ku shikola. Abambo ako anang'ung'udza mwezi wathunthu. Koma mawu a padiri sawakana, ndiye anayamba kukhala chete, milomo ikunjenjemera ndi maulaliki osanenedwa.

Pang'onopang'ono ndinaona kusintha. Tsiku lina tikubwerera kunyumba anandifunsa ngati ndamva zimene ananena a Gervásio, oweta nkhumba aja, ati iwo ndime imeneyo sanaiganizirepo motero. Ndinaima panjira n'kuwayang'ana, chifukwa chikwatirane sindinawamvepo akuvomera kuti wina waona chimene iwo sanaone. M'mawa anasiya kuthamangitsa masamba a Baibulo. Ankawerenga mizere itatu yokha, n'kukhala pakhonde maso ali kuphiri.

Ndiye linafika Lachinayi loyamba la mwezi wathawu, wa Junho. Tinakumana kwa a Quitéria, amasiye oumba mbiya aja, amene sadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Abambo ako anawerenga mawu aja amene Ambuye Yesu amanena za munthu wobwera ndi mphatso ku guwa, n'kukumbukira ali pomwepo kuti m'bale wake ali naye chifukwa. Munthuyo amauzidwa kuti asiye mphatsoyo pomwepo, apite kaye akayanjane ndi m'bale wakeyo, kenako abwere adzapereke. Ndime imeneyi abambo ako aiwerengapo kambirimbiri, ndipo aiphunzitsapo ana a katekisimu osawerengeka.

A Quitéria anapempha kuti awerengenso kachitatu, ati makutu awo anakalamba. Atamva, ananena kuti iwo ndi mbuli, akufuna wina awathandize. Anafunsa kuti kodi amene akutumidwa paulendo ndani, amene waima pa guwa atavala bwino kapena amene anachoka akulira? Anafunsanso ngati penapake palembedwa kuti munthu akhale pampando pakhomo pake kudikira kupepesedwa, chifukwa ngati palipo, iwo sanamve. Ponena zonsezi sanawayang'ane abambo ako. Ankangochotsa dothi m'zikhadabo.

Abambo ako anatseka buku, nathamangitsa pemphero lotsekera, n'kuuyamba wa kunyumba osandidikira. Chakudya sanachikhudze. Tsiku lotsatira anandiuza kuti nkhalamba ija ndi yamwano. Ine ndinangowayankha kuti munthu wafunsa funso, ndipo paja mafunso a Baibulo amawadziwa ndi iwo.

Patapita sabata ndi masiku atatu linali Lamulungu la masika, tsiku lopereka zokolola. Padiri anabwera pa mota, njinga yamoto ija, kapela inadzaza mpaka ena anaima m'mazenera. Ng'oma zinalira, mzere unayamba, anthu akuvina ndi madengu a chimanga, kachewere, nkhuku zomanga miyendo. Abambo ako anasenza thumba la nyemba, malata awiri, ndiye kuti ndowa ziwiri zodzaza, zimene anasankha okha imodziimodzi masiku anayi, osalola kuti ine ndiikepo dzanja.

Atafika kutsogolo, padiri anatambasula manja kuti alandire. Iwo sanapereke. Anatsitsa thumba lija pansi patsogolo pa guwa, natembenuka kuyang'ana anthu. Oimba anasokonezeka, ng'oma imodzi inapitiriza yokha pang'ono, nayonso n'kusiya. Mwana wanga, anaima pamalo pomwe paja pamene anawerengera dzina lako.

Ananena kuti zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ataima pamenepo, anachititsa manyazi mwana wawo. Ananena kuti iwe unalakwa monga amalakwira achinyamata, koma zimene anachita iwo sanachitire Mulungu, ankateteza dzina lawo la animadori. Ati ankaopa pakamwa pa anthu kuposa Mulungu. Ananena kuti uli nawo chifukwa, ndipo chifukwacho ndi choona. Violeta anamutchula kuti mpongozi wanga, koyamba chibadwire, nanena kuti anamutukwana mwana wa eni amene sanawalakwire kanthu. Pomaliza anapempha kuti nyembazo wina asazikhudze, chifukwa sizinaperekedwe, ndipo siziperekedwa mpaka iwo apite kwa iwe ndi kubwerako.

Ndakhala ndi mwamuna ameneyu zaka makumi anayi ndi chimodzi. Ndinamuona pa tsiku la ukwati wathu atavala kazako yobwereka, jekete la mnzawo, ndinamuona akusankhidwa kukhala animadori mpingo wonse ukuwomba m'manja. Koma sindinamunyadirepo ngati tsiku limenelo, ataima chimanjamanja, fumbi la thumba lili mbuu paphewa. Ndinaliza nthungululu ndekhandekha m'kapela yonse, pa nthawi imene sipalizidwa nthungululu, ndipo sindinachite nazo manyazi. Abambo ako ndi munthu wamkulu, Bonifácio. Ndachedwa kudziwa ukulu wake, koma ndaudziwa.

Padiri sanawonjezere zambiri. Anangouza a komiti kuti thumbalo likhale pomwepo. Zopereka zina zonse zinapita ku parokia ndi ngolo, koma nyemba zathu mkuja zikwanitsa masabata asanu patsogolo pa guwa. Amayi osesa amasesa mozungulira. A Quitéria anabwera ndi phulusa kudzathira pamwamba kuti anankafumbwe asalowe, ati popeza nkhaniyi anaiputa ndi iwo. Abambo ako anapempha a Gervásio kuti azitsogolera mapemphero mpaka iwo adzabwereko. Masiku ano amakhala pa benchi lakumbuyo, ndipo thumba lija amaliona Misa yonse.

Usaganize kuti asanduka mngelo. Kulankhula pa guwa kunali kwapafupi kusiyana ndi kunyamuka. Sabata yoyamba anati bondo. Yachiwiri anati kachewere wa kudimba afuna madzi, sangamusiye. Yachitatu anati msewu wa ku Tete ndi wautali kwa munthu wa msinkhu wawo. Anthu a mphakati sanawadzudzule, anangoyamba kuwatsekera zifukwazo chimodzichimodzi. Amuna anagawana masiku othirira dimba. Amayi anabwera ndi mafuta otikita bondo. A Gervásio anati adzawatenga pa mota mpaka ku Ulongwe ndi kuwakweza okha shapa, minibasi ija yobwera kwanuko. Dzulo ku mphakati tonse tinawazungulira n'kuwapempherera, ndipo amene anatsogolera pempherolo ndi a Quitéria.

Ine ndinayesa kuwafupikitsira njira. Ndinawauza kuti nambala yako ndili nayo, angoimba. Anakana, ati Ambuye anati munthu apite, ndipo iwo ananyoza mwana ndi nkhope yawo, akapepesa ndi nkhope yomweyo. Apa ndi pamene ndinaulula kuti maulendo awiri aja amene ndinanena kuti ndikupita kukapimitsa maso ku Tete, ndinali kwa iwe. Anaseka, n'kunena kuti ankadziwa, chifukwa sanaonepo munthu wochokera kuchipatala wopanda mankhwala koma akuimba njira yonse.

Tsopano ndinene zanga, chifukwa Mawu aja sanakhudze abambo ako okha. Tsiku limene dzina lako linkawerengedwa, ine ndinali pa benchi lachiwiri, ndinaweramitsa mutu n'kukhala chete. Madzulo ake, akukuthamangitsa, ndinali kukhitchini ndikumva zonse, ndipo chimene ndinachita ndi kukupindira zovala. Ndakhala ndikudziuza kuti mkazi sangatsutse mwamuna pagulu. Zoona zake n'zakuti nanenso ndinkaopa anthu. Pamene ndinabwera kwanu, Violeta ananditenthetsera madzi osamba, nandipatsa bedi lanu, ine osanenapo ngakhale liwu limodzi la kupepesa. Ndikupepesa lero, kwa iwe ndi kwa iye. Ndinakusiya wekha pa tsiku limene unkafuna mayi.

Kalatayi andipempha ndi abambo ako kuti ndilembe. Masiku onsewa akhala akuyeserera zokanena ali kudimba, kulankhula ndi kabichi, koma akuti nthawi iliyonse akayamba ndi kupepesa amapezeka akulalikira. Akuopa kuti akakuona, pakamwa padzawatsogolera n'kuwononga zonse. Ndiye anati ndiyambe ndine kukufotokozera. Zimene ndalembazi sanaziwerenge. Akanaona za kabichi, bwenzi kalatayi itathera pamoto.

Pempho langa ndi ili. Sindikukuuza kuti uiwale. Unachoka ndi chikwama chimodzi, unadalitsa ukwati wako popanda bambo, unabatizitsa mwana popanda agogo ake, unaphunzira kuwotcherera zitsulo m'dzuwa la kumeneko mpaka lero uli ndi ofisina yako yowotchereramo zitsulo. Zonsezi unazichita wekha ndi mkazi wako, ndipo ndimakunyadira. Ngati uli ndi ukali, uli nawo mwachilungamo. Ndikungopempha kuti ukaliwo uwauze iwo pamaso, onse, osasiyako. Andilonjeza kuti akamvetsera mpaka utamaliza. Zotsala zidzakhala pakati pa inu awiri ndi Mulungu, ine sindilowererapo.

Mlongo wako Efigénia akupereka moni, ndipo anthu onse a mphakati akuti ndikuuze kuti malo ako m'kwaya alipo. Undiperekere moni kwa Violeta, ndipo kalatayi umuwerengere yonse, chifukwa ndi yakenso. Neusa umuuze kuti agogo ake aakazi amusungira nkhuku yoyera.

Chomaliza. Kalatayi sindinapatsire woyendetsa shapa ngati masiku onse. Mayi wogulitsa tomato pakona ya kwanu, amene wakubweretsera, waipatsidwa ndi abambo ako. Ndinawajambulira njira papepala. Pamene ukuwerenga pano, iwo ali pansi pa mlambe uja pafupi ndi mjigo, atavala kazako yakuda m'kutentha konseko, ndi kathumba ka kachewere ka mpongozi wawo. Akuti pachipata chako safika, chifukwa amene analetsa mnzake kuponda pakhomo sangalowe pakhomo pa mnzakeyo asanaitanidwe. Adikira mpaka dzuwa lilowe. Ukapanda kutuluka, akagona ku parokia, ndipo mawa ukatuluka mu Misa udzawapeza pomwepo.

Bondo lawo silifuna kuima nthawi yaitali, koma ndikuwadziwa, sakhala pansi. Ukamapita uwatengere madzi akumwa.

Ambuye akusunge ndi banja lako lonse.

Ine amayi ako,
Teodora