Chithunzi Chanu mu Kabokosi Kachitatu

Amayi, kodi kukucha bwanji kumeneko? Kuno tilipo, koma ine sabata yonseyi mtima suli m'malo, ndipo mwachititsa ndinu.

Ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu, mkazi wa Yohane, wachira, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Mpunga ku Chinguluwe wachita bwino, ngakhale mbalame zadyako ndithu poti wozikalipira uja munatisiya. Mbuzi yanu yamakani ija ikadali kutiyambanitsa ndi anansi.

Chondivuta n'chakuti nkhope yanu yayamba kundithawa. Ndikatsinzina ndimaona duku ndi mpata wa mano uja, kwinako mbuu. Pakhomo palibe chithunzi chanu n'chimodzi chomwe. Ndiye ndinakumbukira tsiku lija munandiyendera kuntchito, ku loji kuno ku Senga Bay, mutasenza dengu la mpunga. Abwana anakujambulani ndi kamera yosafuna filimu ija, n'kusunga chithunzicho mu kompyuta ya mu ofesi. Sindinachione, ndinkati nthawi ilipo. Kenako mphezi inawotcha kompyutayo.

Amisiri a ku Lilongwe amene anabwera ndi ina anandiuza kuti zinthu sizifera limodzi ndi kompyuta. Zimatsala m'kabokosi kachitsulo, kukula kwake ngati sopo wochapira, amati hadi disiki. Anandibwereka adapta, kachingwe kolumikiza kabokosi kakale ku kompyuta yamoyo, koma ati Lachisanu ndikakapereke kwa dalaivala wa minibasi ku depoti kabwerere.

M'chipinda chosungiramo katundu ndinapeza timabokosi titatu ta m'makompyuta akale, topanda chizindikiro. Koyamba kanatseguka bwinobwino, koma munali mayina a alendo okhaokha. Kachiwiri kanangolira thi, thi, ngati wotchi, osaonetsa kanthu. Nditafufuza ndinamva kuti a Bwanali, ophika athu, akhala akuphwanyira adyo, ati n'kolemera bwino m'dzanja. Ndinawakalipira, Amayi, munthu wamkulu ngati uja, mpaka ndinachita manyazi ndekha. Munkati ndili ndi mtima wapachala, simunaname.

Kachitatu ndayenda nako masiku awiri m'chikwama osakalumikiza. Ndinkaopa. Ndinkati bola kakhale kotseka, ndiziti muli momwemo. Chakudya sichinkalowa, alendo ndikuwapatsa makiyi a zipinda za eni. Lero Lachinayi ndalimba mtima, poti mawa chingwe chikupita. Ndalumikiza, kabokosi n'kuyamba kunjenjemera m'manja mwanga, zithunzi n'kutulukira. Ndatsegula chimodzichimodzi: mabwato, azungu opsa ndi dzuwa, keke ya ukwati wa anthu osawadziwa. Kenako dengu lanu, ndi chitenje chanu chamaluwa achikasu.

Amayi, munatchinga nkhope ndi dzanja. Chikhatho chonse patsogolo, nkhope osaoneka ngakhale diso. Apo m'pamene ndakumbukira zimene munkanena anthu akamalimbirana nsalu zaulere pamisonkhano: "Nkhope yanga si ya pachitenje cha chipani yoti anthu aziikhalira." Ndaseka, kenako ndalira, alendo ali chilili kudikira makiyi.

Ndakwiya nanu, ndisabise. Koma dzanjalo ndalidziwa msanga, ndi chipsera cha chikwakwa pachala chachikulu. Ndi lomwe linkandikoka khutu, ndi lomwenso linkandigwira pachipumi malungo akandipeza.

Nkhopeyo mwapita nayo, sindikukakamizaninso. Koma dzanjali ndikulonjeza kuti ndikalisindikiza ku boma, ndidzalipachike pamwamba pa chitseko, kuti potuluka ndi polowa ndizidutsa pansi pake.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esnati