Matimati a Mbewu a Amayi

Mikolongwe,
Chiradzulu.
14 Ogasiti, 2024.

Okondedwa achemwali anga a Easter,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Ife kuno tilipo, koma mtima wanga suli m'malo, ndipo amene ausokoneza ndi amuna anu, a Nikodemo. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni mumandidula mawu ndisanamalize.

Mukudziwa kuti matimati amene amayi anatisiyira kudimba si ogula m'sitolo. Chaka ndi chaka amayi ankasankha mitengo yobereka bwino, n'kuimanga kansanza kofiira kuti munthu asathyolepo. Akapsa mpaka kufewa, ankafinya njere, kuzisakaniza ndi phulusa, n'kuziyanika. Chaka chino chiwawu chawononga dimba lonse, ndipo inatsala mitengo inayi yokha. Ndinaimanga nsanza ndi manja angawa. Kunyumba kunalibe njere ina iliyonse.

Loweruka lapitali alamu anadzuka ndi maganizo ophikira ana anu supageti, ati akumbukire masiku amene ankaphikira azungu ku Blantyre. Chiwachotsereni ntchito ija, nkhani yawo ndi yomweyo basi. Anatsikira kudimba ndi beseni, n'kukolola matimati onse a pa mitengo inayi ija, ati ndiwo anali okupsa bwino.

Mukanaona matama ake! Anawaviika m'madzi otentha, kuwasenda khungu ngati mbatata, kenako kuwadula pakati ndi kukolopola njere zonse, ati zimawawitsa msuzi. Njerezo anazikhuthulira nkhuku kuseri kwa khitchini. Anakazinga anyezi ndi adyo, kuthira matimatiwo, n'kukhala pampando maola awiri akutakasa pamoto wochepa. Nkhuni zimene anatha tsikulo ine ndimaphikira masiku atatu.

Nditaona nsanza zili lende pa mitengo yopanda kanthu, ndinathamangira kunyumba.

"Alamu, nsanza zija simunazione?"

"Ndinaziona, alamu. Ndimayesa n'zoopsezera mbalame."

"Zaka zisanu ndi chimodzi muli pamudzi pano, simudziwa matimati a mbewu?"

Anaika chipande pansi. Ndinawauza zonse zimene zinali kukhosi kwanga, zoti mkamwini amabwera kudzalima, osati kudzasenda matimati, ndi zoti kwawo ku Njuli njira sinatsekeke. Ana anu anamva zonsezi, ndipo sindikupepesa.

Mwina akuuzani kale kuti ndinawaona akutsikira kudimba. N'zoona, ndinali pachitsime ndipo beseni ndinaliona. Koma mukudziwa kuti chikanganirane za malire a munda mu Meyi sitimalankhulana, ndiye ine ndikanayamba bwanji kuwaitana? Ndinkayesa akukathyola mpiru. Musandifunsenso za zimenezi.

Chichokere tsikulo akungozungulira pa njinga, ku Mbombwe, ku Njuli, kufunsa anthu amene amayi anawagawirako mbewu. A Maluwa, anzawo a amayi a kumpingo aja, anawayankha kuti anasiya kalekale, pano amadzala ya m'mapaketi. Dzulo abwera ndi paketi yawo yogula n'kuiika pakhonde langa. Ndaibweza kudzera mwa mwana wanu Yamiko.

Pempho langa ndi limodzi. Pa Khirisimasi mubwere, ndipo pobwerera muwatenge amuna anuwa, akaphikire anthu a ku Joni amene amadya zingwezingwe. Mukakana, ndikaitana amalume tidzakhale pansi. Ine kukumana nawo pabwalo limodzi m'mawa uliwonse sindingathenso.

Ana ali bwino, Tracy wakhoza mayeso. Mbuzi yanu yaswa awiri. Alamu anandituma kuti ndikupatseni moni wawo, ndawauza kuti foni ali nayo.

Chimodzi chokha musawauze. Msuzi wotsala anauthira m'botolo n'kundisiyira pazenera, ine n'kulengeza pamaso pa onse kuti ndikautaya kudzala. Sindinataye. Ndinadzitsekera m'nyumba masana, ndinaudya ndekha ndi chala mpaka botolo kuyera. Achemwali, anali matimati a amayi enieni, kukoma kuja kwa kuwawasira pang'ono, ndipo chibadwire sindinawadyepo atakoma chotero. Ndinalira ngati tsiku la maliro. Amenewo anali omaliza padziko pano, ndipo inu simunalaweko.

Ndine mng'ono wanu,
Nester.