Akufuna tiphatikize minda, amayi

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ndine Luwiza, mwana wanu. Kuno ku Tengani tilipo, kutentha ndi komwe mukukudziwa kuja.

Chikuikireni m'manda padutsa madzinja awiri, ndipo onse awiri mvula inadula mapira asanakhwime. Watisunga ndi mchewere ndi mbatata za kudimba kwanu. Mwana wanga Zuze tsopano ndi bambo: mkazi wake anabereka mwana wamwamuna wamakutu otambalala ngati anu. Mbuzi yanu yamawanga ija inagwidwa ndi ng'ona ikumwa madzi. Ndinailira mpaka anthu kundiseka.

Koma chondilembetsa kalata ndi china. Kunabwera alangizi kudzachititsa msonkhano pasukulu. Akuti akufuna kubweretsa madzi a mthirira, koma tiyambe taphatikiza minda yathu ikhale munda umodzi waukulu, tizilima monga gulu, zokolola tizigulitsa pamodzi. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinanyamuka msonkhano uli mkati.

Zuze anandipeza ndikupeta. Anati, "Mayi, mwandichititsa manyazi. Zaka ziwiri sitinakolole, mwana wabadwa, inu mukuthawa madzi?" Ndinati munda wa agogo ake sulowa m'gulu la munthu. Iye anati, "Ndiye mundiuze chifukwa." Amayi, inu munkati za tsidya zinatsala tsidya, ana asamazimve. Mundikhululukire, tsiku limenelo ndinamuuza zonse.

Ndinamuuza za kwathu kwakale, tsidya la Shire ku Mozambiki, kumene tinali ndi dimba m'mbali mwa madzi ndi nkhokwe ziwiri. Ndinali ndi zaka ngati khumi pamene anthu a boma anabwera ndi asilikali, nati aliyense asamukire kumudzi watsopano, umene ankautcha aldeya. Anati kukhala motalikirana ndi umbuli, ndipo kukhala ndi munda wakowako ndi dyera. Amene anazengereza anawatenthera nyumba. Mukukumbuka mmene munasenzera mphero pamutu ulendo wa tsiku lonse, Fatima mng'ono wanga ali kumbuyo?

Aldeyayo anaimanga pamtunda pamiyala, nyumba m'mizere, madzi kutali. M'mawa ankamenya chitsulo, akulu onse kupita kumunda wa anthu onse. Ankauza anthu obadwira m'khasu tsiku lodzala ndi mbewu yodzala, ndipo wowauzayo anali ndi manja osalala. Zomwe zinacha chaka choyamba zinakwera lole kupita kutauni. Anati zidzabwerera monga mchere, sopo ndi nsalu. Sitolo ya gulu inakhala yopanda kanthu, mashelefu okhaokha.

Kenako mvula inakana. Inu munkanena kawirikawiri kuti, "Chilala tinkachidziwa, Luwiza. Chikabwera tinkatsikira kudimba. Njala imene sitinkaidziwa ndi yobwera ndi lamulo." Kudimba anatiletsa, ankati wopita kumeneko akukadyetsa zigawenga. Bambo anapitabe. Anabwera ndi mbatata m'thumba, tinadya masiku atatu. Tsiku lachinayi wina anakawanenera. Asilikali anawagoneka pabwalo, nawakwapula pamaso pathu, ife akutiuza kuti tiziimba nyimbo. Atatero anawakweza galimoto, ati akukawaphunzitsa. Mpaka lero sitidziwa kumene anagona.

Za Fatima ndinalephera kuzinena bwino. Ndinamuuza Zuze za miyendo yotupa, tsitsi lofiira, ndi mmene analekera kulira chifukwa mphamvu zolilira zinatha. Inu munkapita kuthawale mobisa kukazula nyika, timizu towawa ta maluwa a m'madzi tija, n'kumamutafunira. Anamwalira masana, chitsulo chitaitana anthu kumunda. Munapempha kuti mutsale, anakukanizani. Ndinatsala naye ndine. Ndinkamuingitsa ntchentche osadziwa kuti wapita kale. Tinamuika pansi pa mtondo kuseri kwa mzere womaliza, ndipo sabata yomweyo munandigwira dzanja, tinawoloka Shire pa bwato la msodzi amene sanatifunse dzina.

Zuze anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Ndinali ndi mayi aang'ono, ine osadziwa?" Analira, amayi, mwamuna wamkulu wandevu. Koma atapukuta misozi ananenanso mawu ena. Anati, "Awa sanabwere ndi mfuti. Ndipo mwana wanga nayenso akhoza kutupa miyendo tikapanda madzi."

Ndinalingalira sabata yathunthu. Pa msonkhano wachiwiri ndinapita naye, ndipo ndinaimirira, ine amene sindiyankhula pagulu. Ndinafunsa mlangizi wina wamkazi kuti, "Mwanawe, wokana mumutani? Wolowa akafuna kutuluka, atuluka ndi munda wake? Nanga zokolola zikakwera lole, wonena kuti zikwere ndani?" Achinyamata ena anaseka. Koma a Nyamadzawo, anzanu a kutchalitchi amene nawonso anathawa kuchokera tsidya, anaima nati, "Muwayankhe. Ife tinaziona." Anaimanso ena, okalamba okhaokha, anthu amene takhala nawo zaka zonsezi osakambirana za kumeneko. Mlangiziyo sanakwiye. Anati wokana palibe womukakamiza, ndipo zonsezo zilembedwa, atiwerengere m'Chisena tisanadinde chala. Anabweradi, nawerenga. Pamene sindinamve ndinamuuza kuti abwereze kawiri.

Ndiye amayi, munda wathu wa kumtunda ndaulowetsa m'gulu. Ndinadinda chala. Dimba lanu lokha ndakana. Limenelo silidzalowa m'pepala la munthu ine ndili moyo, ndipo Zuze wavomera. Ngati ndalakwa sindikudziwa. Ngalande sanayambe kukumba, ndipo masiku ena ndikamva belu la kusukulu ndimakumbuka chitsulo cha ku aldeya.

Zuze wapeza munthu wa geni ya nsomba amene amadziwa malo a aldeya ija. Akuti nyumba zinagwa kalekale, kwamera tchire, koma mitondo ilipo. Madzi akaphwa tiwoloka awiri, ine ndi Zuze. Wasema kale mtanda wa mtengo wa tsanya, ndipo anandifunsa kalembedwe ka dzina la Fatima. Inu munamwalira musanabwerereko, ndipo ndikudziwa kuti chinkakupwetekani n'chakuti mwana wagona yekha pamalo opanda chizindikiro. Ndikafufuza mpaka nditapapeza, amayi, ndikalambule ndi manja anga, ndikamuuze kuti sitinamusiye mwadala.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani.

Ine mwana wanu,
Luwiza