Khoma la tchalitchi laima chifukwa cha angelo

Agogo,

Ndine bambo wa ana awiri, ndipo ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani. Mukaona nkhuku yojambulidwa pakhoma la sitolo, kapena mutu wa munthu pakhomo la ometa, mwina ndi dzanja langa limenelo. Vuto langa ndi angelo.

Apongozi anga, bambo a mkazi wanga, ndi mkulu wa mpingo. Tchalitchi chathu chitakonzedwa, komiti inafuna chithunzi chachikulu pakhoma la kuseri kwa guwa: manda opanda kanthu, m'mawa wa kuuka kwa Ambuye. Ena ankafuna kuitana wojambula wochokera kutali, koma apongozi anaima nji. Anati, "Mkamwini wanga ali ndi dzanja, mupatseni."

Ine chizolowezi changa, sindijambula chinthu ndisanachionetsetse. Wina akafuna mbuzi, ndimayamba ndakaima pamene pali mbuzi. Ndiye ndinakhala pabenchi, pakati pa zitini za penti, n'kuwerenga mabuku onse anayi a Uthenga Wabwino kuti ndidziwe anthu oti alowe m'chithunzi. Agogo, sakugwirizana. Mlembi woyamba akuti mngelo mmodzi, atakhala pamwala panja. Wachiwiri akuti mnyamata wovala zoyera, ali m'kati. Wachitatu akuti amuna awiri oimirira. Wachinayi akuti angelo awiri, koma atakhala pansi. Azimayi nawonso chimodzimodzi: uyu atchula mmodzi, uyu awiri, uyu atatu, winayo akuti panalinso ena osanena kuti angati. Ndipo palibe amene akufotokoza mmene Ambuye anatulukira m'mandamo.

Ndinajambula phiri, mwala ndi mitambo, pakati n'kusiya poyera. Nditafunsa abusa, anayang'ana wotchi n'kunena kuti, "Jambulani mmene mtima ukukuuzirani," basi n'kuliza njinga yawo yamoto.

Lamlungu lina tikudya kwa apongozi, pamodzi ndi a komiti angapo, apongoziwo anandifunsa kuti khoma litha liti. Ndinayankha moseka kuti, "Litha alembi anayi aja akagwirizana. Ndikuona ngati alipo amene sanafikeko kumandako." Mlamu wanga anatsamwa ndi madzi. Apongozi anaika supuni pansi n'kunena kuti, "Tinapempha wopenta, osati woweruza."

Kuyambira pamenepo moni wanga amayankha ndi mutu wokha. Makiyi a tchalitchi anandilanda. Mkazi wanga akuti, "Mwajambula sopo pa makoma angati osafunsa ngati amayeretsadi zovala?" Tsopano komiti yayambanso kukamba za wojambula wakutali uja, ndipo akabwera, manyazi agwera apongozi amene anandiikira kumbuyo.

Sindinasiye kupemphera, Agogo, koma burashi imafuna nambala. Ndijambule angati? Nanga ngati sakugwirizana pa angelo, zinazo ndizikhulupirire bwanji?

D.K., wolemba zikwangwani

Mwananga wa penti,

Tsukani kaye burashiyo, mukhale pansi.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma Buku limeneli ndaliwerenga mpaka chikuto chinathothoka, ndipo angelo amenewo ndinawawerenga inu musanamere mano. Apongozi anu nawonso akuwadziwa. Mukuganiza kuti munthu angamere imvi pa mpando wa mkulu wa mpingo osaona kuti apa mmodzi, apa awiri? Chawapweteka si funso lanu ayi. Chawapweteka n'choti munalifunsira patebulo pawo, chakudya chawo chili m'kamwa mwanu, pamaso pa anthu omwe aja anakangana nawo chifukwa cha inu. Nthabwala inali yabwino, ine ndaseka. Koma ine si amene ndinakuyankhulirani ku komiti.

Malemu amuna anga anagwapo padenga akukhoma malata. Lero ana anga anayi akakumana, nkhani imeneyi siisowa. Wachisamba amati makwerero anathyoka. Womutsatira amati ayi, analumidwa ndi mavu. Wachitatu amalumbira kuti anagwera galu, pamene galuyo tinali tisanamutenge n'komwe. Womaliza, amene amaifotokoza mokoma kuposa onse, mpaka kutsanzira mmene bambo ake anakuwira, anali adakali m'mimba mwanga. Anaimva kwa azikulu ake. Amakangana mpaka tiyi kuzizira, koma sindinamvepo mmodzi akunena kuti bambowo sanagwe. Anatsimphina mpaka tsiku lowaika.

Kodi nkhani yangayi ikutsimikiza kuti zonse za m'Bukumo zinachitika ndendende? Ayi, sindikunamizani. Denga langa si manda a Ambuye. Anthu a masukulu akuluakulu akukokana mpaka lero: ena akuti kusiyanako kukuonetsa kuti alembiwo sanapangane bodza, ena akuti nkhani imanenepa ikamayenda m'kamwa mwa anthu. Onsewo magalasi awo ndi okhuthala kuposa anga. Funso lanulo musalitaye, ndipo munthu asakuopsezeni kuti kufunsa ndi tchimo. Muyende nalo, muwerenge, mufunse. Abusa aja mukawapezere kunyumba kwawo pakati pa sabata, njinga itazima, atavula nsapato. Koma funso lotere simungalimalizire pakhoma la eni ake, khomalo likudikira.

Ndiye chitani izi. Pitani kwa apongozi nokha, manja osamba, opanda penti m'zikhadabo. Mupepese za patebulo, osati za kuwerenga. Mukatero, tsegulani malo anayi aja pamaso pawo n'kunena kuti, "Bambo, ine zandikanika, ndisankhireni." Sindinaonepo mkulu wa mpingo amene anakana kufunsidwa nzeru. Adzakuuzani zambiri kuposa zimene mwafunsa, mupirire, musayang'ane pakhomo. Zimene asankhezo akazitengere okha ku komiti, kuti amene anawaona akuika supuni pansi awaonenso akuimirira.

Akasankha mlembi mmodzi, mum'tsatire yekhayo kuyambira angelo mpaka azimayi. Musasakanize, ndipo musayese nzeru zojambula mngelo wachiwiri wosaoneka bwino kuseri kwa mwala kuti musangalatse onse. Mngelo ndi theka sanalembedwe paliponse. Pansi pa chithunzicho mulembe timalemba tating'ono tonena buku ndi mutu umene mwatsatira. Kulemba si ndiyo ntchito yanu? Wofuna kukangana akakangane ndi mlembiyo. Za mmene Ambuye anatulukira, pamene alembi onse anakhala chete, burashi yanu ikhalenso chete.

Mkazi wanuyo ali ndi mutu, funso lake la sopo simunaliyankhe m'kalata yanu, ndaona. Muuzeni zonsezi musanapite kwa bambo ake, asazimvere kwa mlamu wanu wotsamwa uja.

Chenjezo langa ndi ili. Ojambula ndimakudziwani, nkhope mumaba kwa anthu amene mumawaona tsiku ndi tsiku. Azimayi a kumanda aja muwapatse nkhope zimene palibe angaziloze. Mmodzi akangofanana ndi mtsikana wa m'kwaya, mkazi wanu azimuyang'ana kuseri kwa guwa Lamlungu lililonse, ndipo kalata imene mudzandilembere pamenepo siidzakhala ya angelo.

Agogo